Mafupa a Polycarp: mmene kulemekeza oyera kunayambira, ndi chifukwa chake Akhristu amatsutsanabe

Pa 7 Sepitembala 2025, Papa Leo XIV analengeza ku Roma kuti Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006 ali ndi zaka 15, ndi woyera. Zithunzi za thupi lake litagonekedwa m'bokosi lagalasi ku Assisi, litavala jinzi ndi nsapato zamasewero, zinazungulira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, mkangano wakalekale n'kudzukanso. Uyu akuti kumeneku n'kupembedza akufa. Uyo akuti palibe akupembedza mnyamatayo, anthu akungomulemekeza. Mawu awiriwa, kupembedza ndi kulemekeza, Akhristu ayamba kalekale kukokana nawo, ndipo mfundo zambiri zimene anthu akulemberana pafoni lero zinanenedwa kale zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Chimene chimasokoneza n'chakuti timamanga mtolo umodzi nkhani zinayi zosiyana: kukumbukira woyera, kusunga mafupa ake, kumupempha kuti atipempherere, ndi kuika chithunzi chake m'tchalitchi. Mipingo ina imalola zonsezi, ina imodzi yokha, ina ziwiri. Tiyeni timasule mtolowo.

Woyera ndani?

M'makalata a Paulo, oyera mtima ndi anthu amoyo. Akhristu a ku Korinto, omwewo amene akuwakalipira chifukwa cha magawano ndi kuledzera pa Mgonero, amawatchula oyera mtima. Liwu la Chigiriki lakuti hagioi limanena za opatulidwa, monga chimanga chimene mlimi wachiika padera kuti n'chambewu, chisapite kuchigayo.

Tanthauzo lachiwiri linadza ndi chizunzo. Mkhristu wophedwa chifukwa chokana kufukiza lubani kwa milungu ya Aroma ankatchedwa martus, kutanthauza mboni, ndipo m'pamene pachokera liwu lakuti amaritiri. Za anthu amenewa mpingo sunkakayika n'komwe kuti ali ndi Khristu. Tsiku la imfa yawo ankalitcha tsiku lobadwa, lobadwira kumwamba. Cyprian, bishopu wa ku Carthage m'dziko limene lero ndi Tunisia, analamula ansembe ake kuti azilemba masiku amene Akhristu akufera m'ndende kuti mpingo uziwakumbukira chaka ndi chaka. Iye mwini anadulidwa mutu mu 258. Pofika 354, mpingo wa ku Roma unali ndi ndandanda yolembedwa ya masiku oterewa.

Chizunzo chitazilala pambuyo pa 313, ulemuwo unayamba kuperekedwanso kwa anthu amene sanaphedwe koma anadzimana kodabwitsa, monga Anthony wa m'chipululu cha Egypt, amene anamwalira mu 356, ndi Martin, bishopu wa ku Tours. Ankasankha ndi anthu a kuderako pamodzi ndi bishopu wawo. Papa analengeza woyera koyamba mu 993, ndipo anali Ulrich wa ku Augsburg. Lamulo lakuti papa yekha ndiye achite zimenezi linakhazikika mu 1234. Choncho ndondomeko ya kafukufuku ndi zozizwitsa imene Carlo Acutis anadutsamo ndi yaposachedwa poyerekeza ndi mwambowo.

Mafupa ndi manda

Umboni wakale womveka bwino ndi kalata imene mpingo wa ku Smyrna, mzinda umene lero ndi Izmir ku Turkey, unalemba bishopu wawo wokalamba Polycarp ataphedwa cha m'chaka cha 155. Kalatayo imati adani a mpingo anapempha bwanamkubwa kuti asapereke mtembowo kwa Akhristu, kuopa kuti angasiye wopachikidwa uja n'kuyamba kupembedza Polycarp. Olembawo akuyankha kuti Khristu amamupembedza chifukwa ndi Mwana wa Mulungu, pamene amaritiri amangowakonda monga ophunzira ndi otsanzira Ambuye. Kenako akufotokoza kuti mtembo utatenthedwa anatola mafupa, amene kwa iwo anali amtengo wapatali kuposa miyala yamtengo ndi golide, nawaika pamalo oyenera kuti azisonkhanapo pa tsiku lake.

Mbali zonse ziwiri zimaikonda kalatayi. Akatolika ndi a Orthodox amaloza mafupawo. Apulotesitanti amaloza kuti mulibe pemphero lopita kwa Polycarp. Onse awerenga molondola.

Kukhudza mafupa kunali chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Kwa Ayuda, wokhudza mtembo ankakhala wodetsedwa masiku asanu ndi awiri. Aroma ankaika maliro kunja kwa mzinda, lamulo linkatero. Taganizani munthu atafukula fupa kumanda a pamudzi n'kukaliika m'kabati pabalaza, mudzi wonse ungalankhule zotani. Mfumu Julian, imene inasiya Chikhristu n'kulamulira Roma kuyambira 361 mpaka 363, inadandaula kuti Akhristu adzaza dziko lonse ndi manda. Koma kwa okhulupirira kuuka kwa thupi, fupa la maritiri linali lakuti tsiku lina lidzadzuka mu ulemerero, ndipo ankakumbutsa za mtembo umene unatsitsimuka utakhudza mafupa a Elisa (2 Mafumu 13:21) ndi nsalu zochokera pathupi la Paulo zimene zinkachiritsa odwala (Machitidwe 19:12).

Mavuto sanachedwe. Ku Carthage, mayi wina wolemera, Lucilla, ankapsompsona fupa la munthu amene mpingo unali usanamuvomereze kuti ndi maritiri asanalandire Mgonero. Dikoni Caecilian anamudzudzula. Caecilian atasankhidwa kukhala bishopu cha mu 311, mayiyo anathandiza ndi chuma chake gulu lomutsutsa, ndipo kugawanika kumeneku kunasautsa mpingo wa kumpoto kwa Africa zaka zoposa 100. Nkhaniyi taimva kuchokera kwa wolemba wa mbali ya Caecilian, choncho tiitenge mosamala.

Mu 386 Ambrose, bishopu wa ku Milan, anafukula mafupa a amaritiri awiri, Gervasius ndi Protasius, n'kuwaika pansi pa guwa la tchalitchi chatsopano. Chaka chomwecho boma la Roma linakhazikitsa lamulo loletsa kusamutsa ndi kugulitsa matupi a amaritiri. Lamulo siliikidwa pa chinthu chimene sichikuchitika. Patapita zaka zingapo Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko la Algeria wa lero, anadandaula za amonke oyendayenda ogulitsa ziwalo za amaritiri, n'kuwonjezera kuti kaya ndi amaritiri enieni kaya.

Mayi a Augustine, Monica, atafika ku Milan anachita monga ankachitira kwawo ku Africa: ananyamula dengu la phala, buledi ndi vinyo kupita nazo kumanda a oyera. Wapakhomo anawabweza, akuti bishopu analetsa. Ambrose anali ndi zifukwa ziwiri, kuledzera kumene kunkachitika kumandako ndi kufanana kwa mwambowo ndi madyerero a akufa a anthu achikunja. Monica anamvera osatsutsa. Bishopu yemwe anaika mafupa pansi pa guwa ndi yemwenso analetsa chakudya cha kumanda. Malire ankalembedwa ndi anthu omwe ankalimbikitsa mwambowo.

Amene anakana zonse anali Vigilantius, wansembe wa ku Gaul, dera la France wa lero. Anafunsa chifukwa chake anthu akupsompsona fumbi lokulungidwa m'nsalu yamtengo wapatali ndi kuyatsa makandulo dzuwa likuswa mtengo, nati zimenezi n'zachikunja zolowa m'tchalitchi. Zolemba zake zinatayika. Zimene timadziwa zachokera kwa Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, amene anamuyankha mu 406 ali ku Betelehemu ndi kalata ya ukali imene anaikonza usiku umodzi wokha. Dzina la Vigilantius limatanthauza wokhala maso, koma Jerome anamutcha Dormitantius, wogona tulo. Pakati pa zonyozazo pali funso lake lalikulu: ndani anapembedzapo maritiri?

Kupempha woyera kuti atipempherere

Apa m'pamene pagona mkangano weniweni. Amene amati "mutipempherere ife" amanena kuti sakupempha woyerayo kuti achite chinthu ndi mphamvu yake, akungochita zimene timachita tikauza mnzathu wa mumpingo kuti atikumbukire m'pemphero.

Zizindikiro zoyamba zili pakhoma. Pansi pa tchalitchi cha San Sebastiano ku Roma pali timawu tambirimbiri timene anthu wamba anazokota cha m'ma 260, ena mwa iwo akuti: Paulo ndi Petro, mupempherereni Victor. Panalinso chizolowezi china. Pa chizunzo cha mfumu Decius mu 250, Akhristu amene anagonja napereka nsembe ankapita kundende kukapempha anzawo oyembekeza kuphedwa kuti awalembere makalata owapepesera kumpingo. Cyprian anavutika nazo, popeza makalatawo anachuluka mpaka kupeputsa mabishopu. Koma ganizo linali litamera kale lakuti mawu a wofera Khristu ndi olemera. Jerome anangolitambasula: ngati atumwi ndi amaritiri ankapempherera anzawo akadali m'thupi, angaleke bwanji atalandira mphoto yawo? Vigilantius ankati tikhoza kupemphererana tili moyo, tikafa zatha.

Mbali iliyonse ili ndi mavesi ake. Ovomereza amatchula akulu a kumwamba onyamula mbale za zofukiza zimene ndi mapemphero a oyera mtima (Chivumbulutso 5:8), mtambo wa mboni wotizinga (Ahebri 12:1), ndi masomphenya a Yeremiya akupempherera mtundu wake atamwalira kale, pa 2 Amakabeo 15. Okana amatchula mkhalapakati mmodzi yekha pakati pa Mulungu ndi anthu (1 Timoteo 2:5), lamulo loletsa kufunsira kwa akufa (Deuteronomo 18:11), ndi mfundo yakuti m'Chipangano Chatsopano mulibe paliponse pamene munthu akupempha wakufa. Za Amakabeo amati bukulo mulibe m'Baibulo lawo, motero mkanganowu umakoka unzake wa mabuku oyenera kuwerengedwa ngati Malemba.

Fanizo lodziwika ndi la kwa mfumu. Wina amati munthu waulemu safika yekha pamaso pa mfumu, amadzera kwa nduna. Mnzake amayankha kuti mwana wa mfumu salowa m'nyumba ya bambo ake kudzera kwa nduna. Woyamba uja amabweza kuti ngakhale mwana amatuma mlongo wake kukamunenera kwa bambo, osati chifukwa khomo ndi lotseka koma chifukwa ndi banja limodzi. Fanizo silithetsa mlandu, limangoonetsa pamene aliyense waima.

Kugwada, ndi nkhani ya zithunzi

Faustus, mphunzitsi wa chipembedzo cha Amanikeo, ananena kuti Akhristu angosintha mafano kukhala amaritiri. Augustine anayankha kuti guwa silimangidwira maritiri koma Mulungu wa amaritiriwo, ndipo palibe bishopu anaimapo paguwa n'kunena kuti nsembeyi ndikupereka kwa inu Petro, kapena Paulo, kapena Cyprian. Ulemu woyenera Mulungu yekha anautcha ndi liwu la Chigiriki, latreia. Pambuyo pake aphunzitsi monga Thomas Aquinas anatcha ulemu wa oyera dulia, ndi wa Maria, umene ndi wapamwamba pa oyera onse koma wosafika pa kupembedza, hyperdulia.

Kusiyanitsa kumeneku kunayesedwa pamoto mu ufumu wa Constantinople. Kuyambira cha mu 726, mfumu Leo III ndi mwana wake Constantine V analimbana ndi zithunzi za m'matchalitchi potsamira lamulo lachiwiri la Mose, loletsa mafano. Msonkhano wa mabishopu oposa 300 ku Hieria mu 754 unaletsa zithunzizo, koma msonkhano womwewo unatsimikiza kuti Maria ndi oyera amapempherera anthu. Okana zithunzi sanali okana oyera.

Amene anateteza zithunzi mwamphamvu anali John wa ku Damascus, amene ankakhala m'dziko lolamulidwa ndi Asilamu kumene dzanja la mfumu silinkafika. Iye anati Mulungu wosaoneka sangajambulidwe, koma popeza anavala thupi naoneka, chimene chinaoneka chikhoza kujambulidwa. Anakumbutsanso kuti Abrahamu anawerama pamaso pa Ahiti ndipo Yakobo anagwadira Esau, osawapembedza. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787, woitanitsidwa ndi mfumukazi Irene, unagamula kuti zithunzi zipatsidwe ulemu wa kuwerama ndi kupsompsona, osati latreia, ndi kuti ulemuwo umapitirira kukafika kwa mwini chithunziyo. Unalamulanso kuti tchalitchi chisapatulidwe popanda mafupa a oyera. Chiletso chinabweranso mu 815 n'kutha mu 843, ndipo a Orthodox amakondwerera kutha kwake Lamulungu loyamba la Lenti mpaka pano.

Kwa ife fanizo lili pakhomo. Mwana wolera bwino amagwada popereka madzi kwa agogo, ndipo palibe anganene kuti akuwapembedza. Bondo lomwelo limagwadanso m'tchalitchi. Woona ndi maso sangasiyanitse, kusiyana kuli mumtima mwa wogwadayo. Otsutsa amati n'chifukwa chake n'zoopsa, ndipo amakumbutsa kuti Korneliyo atagwa pamapazi a Petro anauzidwa kuti adzuke, ndipo mngelo wa m'Chivumbulutso anakaniza Yohane.

Pali kanthu kena kamene omasulira sangakaiwale. Zigamulo za ku Nicaea zitafika kwa Charlemagne, mfumu ya kumadzulo kwa Ulaya, zinali zitamasuliridwa molakwika m'Chilatini: mawu awiri a Chigiriki, la kuwerama ndi la kupembedza, anawasandutsa limodzi, adoratio. Akatswiri a mfumuyo anawerenga kuti Agiriki alamula kupembedza zithunzi, ndipo msonkhano wa ku Frankfurt mu 794 unakana. M'Chichewa msampha womwewo ulipo. Tili ndi kupembedza, kulambira, kugwadira ndi kulemekeza, ndiponso chosema chimodzi chomwecho wina amachitcha chiboliboli, wina fano. Amene wasankha liwu amakhala ataweruza kale mlandu.

Luther, Calvin ndi Trent

Pofika zaka za m'ma 1500 mwambowu unali utakula kwambiri, pamodzi ndi zachinyengo zake. Msonkhano wa ku Lateran mu 1215 unali utaletsa kale kugulitsa mafupa a oyera, koma malondawo sanathe. Ku Wittenberg m'dziko la Germany, kalonga Frederick anasonkhanitsa zinthu zoterezi zoposa 19,000 pofika 1520, ndipo zinkaonetsedwa pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse. Mfundo 95 za Martin Luther, zimene zinayambitsa Chipulotesitanti, ndi za pa 31 Okutobala 1517, tsiku lotsogolera chikondwererocho. Luther yemweyo analowa umonke mu 1505 chifukwa cha lonjezo limene anachita kwa Anna woyera, amene mwambo umati ndi mayi a Maria, mphezi itagwa pafupi naye.

Otsatira Luther sanataye oyera. Chivomerezo chawo cha ku Augsburg cha 1530 chimati oyera azikumbukiridwa kuti titsanzire chikhulupiriro chawo, koma Malemba saphunzitsa kuwaitana. Chaka chotsatira anavomeranso kuti oyera kumwamba amapempherera mpingo wonse, n'kukana kuti ife tiziwapempha. John Calvin anapitirira apo. Mu 1543 analemba monyogodola kuti tizidutswa tonse totchedwa ta mtanda wa Yesu titasonkhanitsidwa tingadzaze sitima ya pamadzi, ndipo kusiyanitsa latreia ndi dulia anakuona ngati kusewera ndi mawu chabe. Ku Zurich zithunzi zinachotsedwa m'matchalitchi mu 1524, ndipo ku England manda a Thomas Becket, bishopu wamkulu wa ku Canterbury amene ankalemekezedwa ngati woyera, anagumulidwa mu 1538.

Chaka cha 1563 chinabala mayankho awiri. Katekisimu wa ku Heidelberg, wa mbali ya Calvin, anati ofuna chipulumutso kwa oyera amakana Mpulumutsi mmodzi yekhayo ndi ntchito zawo. Mu Disembala, msonkhano wa Akatolika ku Trent unati n'kwabwino ndi kothandiza kupempha oyera, popeza zimene amatipemphera zimachokera kwa Mulungu kudzera mwa Khristu, Mpulumutsi yekhayo. Unalamulanso kuti zikhulupiriro zachabe, kufuna phindu ndi kuledzera pa zikondwerero za oyera zithe, pafupifupi madandaulo omwe aja a Ambrose.

Mbali zonsezi zinafika kwathu zitavala kale mayankho awo. Amishoni a ku Scotland ndi a Dutch Reformed amene anayambitsa masinodi a CCAP anabwera ndi chiphunzitso cha Calvin, ngakhale tchalitchi chawo chotchuka ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chimatchedwa St Michael and All Angels. Dzina la woyera pachikwangwani si pemphero kwa woyerayo. A Seventh-day Adventist ndi Mboni za Yehova amaima pamfundo ina, yakuti akufa sadziwa kanthu. Ndipo pa 3 Juni chaka chilichonse, Akatolika ndi Aangilikani amasonkhana ku Namugongo kukumbukira amuna ndi anyamata a ku Uganda amene anaphedwa ndi mfumu yawo, Kabaka Mwanga, pakati pa 1885 ndi 1887, Akatolika 22 ndi Aangilikani 23, mpingo uliwonse pamalo pake ndi m'njira yake.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Akatswiri a mbiri amasiyanabe pa mpata wa pakati pa atumwi ndi timawu ta pakhoma tija, zaka pafupifupi 200. Kodi kusowa kwa umboni kukutanthauza kuti mwambo wopempha oyera kunalibe, kapena unalipo koma sunalembedwe? Amasiyananso pa gwero lake. Kwa nthawi yaitali ambiri ankati anthu wamba olowa mpingo mfumu ya Roma Constantine italola Chikhristu mu 313 ndiwo anabweretsa zizolowezi za milungu yawo. Mu 1981 katswiri Peter Brown anatsutsa zimenezi, poonetsa kuti otsogolera mwambowu anali mabishopu ndi anthu ophunzira, ndipo achikunja enieniwo unkawanyansa.

Kwa a maphunziro a zaumulungu funso ndi lakuti, chinthu chimene Malemba sanachilamule komanso sanachitchule mwachindunji, n'chololedwa kapena n'choletsedwa? Nanga "chiyanjano cha oyera mtima" chimene mipingo yambiri imavomereza m'Chikhulupiriro cha Atumwi chimadutsa manda mpaka pati? Kuno ku Africa pali linanso: amishoni a mbali zonse analetsa nsembe za mizimu ya makolo, ndiye kusiyana kwa woyera ndi kholo lomwalira lopembedza kuli pati? Ena, monga wansembe Charles Nyamiti wa ku Tanzania, anayesa kufotokoza Khristu ndi oyera m'chiyankhulo cha makolo. Ena amaona kuti kutero n'kutsegulanso khomo limene linatsekedwa.

Pansi pa zonsezi pali funso lakuti akufa amadziwa bwanji za ife. Augustine, amene muukalamba wake analemba za zozizwitsa pafupifupi 70 zochitika ku Hippo m'zaka ziwiri mafupa a Stefano, maritiri woyamba, atafika kumeneko, anafunsidwa nkhani yofanana ndi imeneyi ndi mnzake Paulinus wa ku Nola cha mu 421. Anayankha kuti akufa akanakhala kuti amalowerera m'zochitika za amoyo, mayi ake Monica, amene anamutsatira pamtunda ndi panyanja, sakanamusiya usiku ndi umodzi womwe osamuyendera. Komabe ankakhulupirira kuti amaritiri amathandiza anthu. Kaya amafika iwo eni, kaya Mulungu amatuma angelo poyankha mapemphero awo, iye anati funsolo lamukulira.